Folo bayi chani?

Mukatsika minibasi pa Mlare, musataye nthawi kufunsa kwa a Ambokile Mwafongo. Dzina limenelo amalidziwa ndi abusa a kutchalitchi kwawo ndi anthu olemba zitupa basi. Funsani kwa a Fundi, kapena ingotsatirani kulira kwa makina odulira zitsulo. Mudzapeza shedi ya malata, kutsogolo kwake atatsamiritsa mafelemu a zitseko ndi a mawindo. Pambali pake paima chinthu chimene chimaimitsa alendo: bokosi la zitsulo zokhazokha lofika m'chiuno, mkati mwake muli kabokosi kena kakang'ono, ndipo ngodya za awiriwa anazilumikiza ndi zitsulo zopaka penti yofiira. Anthu a pa Mlare amachitcha chitupa, lomwe ndi khola la nkhuku m'Chitumbuka. Mwini wake sakangana nawo. Amangoti nkhuku ndi zimene zinayamba kuchimvetsa.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi pamenepo. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumene munthu umagona utafunda bulangete. Boma litandiponya ku Karonga mu 2018 ndinalira sabata yathunthu, misozi n'kumauma isanafike pachibwano. A Fundi ndinawadziwa chifukwa cha kutentha komweku. Ndinkafuna zitsulo za pawindo kuti ndizigona mawindo ali otsekula. Anabwera ndi tepi yawo, kuyeza, kuyezanso, kenako anapukusa mutu.

"Madamu, windo lanuli si sikweya."

"Sindinakuitaneni kuti mudzalembetse windo langa mayeso," ndinatero. "Ndikufuna zitsulo."

"Zitsulo mupeza. Koma amene anamanga apa ayambe wawongola. Ine chinthu chokhota sindiwotcherera."

Ndinagona masabata atatu mawindo ali otseka, ndikuwatukwana chamumtima. Windolo litawongoledwa, zitsulo zawo zinalowa bwinobwino popanda kumenya ndi hamala, ndipo mpaka lero sizinagwedere. Kuyambira pamenepo tinayamba kupatsana moni, ngakhale kuti ine ndinkawaonabe ngati munthu wa makani.

Anabadwira cha ku Lupembe mu 1968, m'banja lolima mpunga. Sukulu analekezera Sitandade 6, bambo awo atamwalira, ng'ombe zitasowa wozilisha. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anawoloka Songwe kupita ku Kyela, ku Tanzania, kumene anakakhala zaka zinayi kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo. Anabwerako ndi zinthu zitatu: dzina loti Fundi, lomwe m'Chiswahili ndi mmisiri, tepi yoyezera, ndi lamulo limodzi loti ngodya iliyonse ikhale sikweya. Sajambula papepala. Amajambula pansi ndi kachitsulo, kenako amayeza felemu mopingasa ndi chingwe, uku ndi uku, ndipo zingwe ziwirizo zikasiyana ndi kachikhadabo kokha amadula n'kuyambiranso. Nkhani imene amaikonda ndi ya chivomerezi cha 2009. Amati nyumba ina khoma lonse linagwa, koma felemu lawo la chitseko linatsala chiimire pakati pa njerwa, moti mwini nyumbayo ankadutsirabe pomwepo potuluka. Nkhaniyi ndaimva kokwana kakhumi, ndipo nthawi iliyonse njerwa zimachulukirako.

Akazi awo ndi mayi Keziya, amene amagulitsa mpunga pamsika. Ana ali nawo anayi, ndipo chitsiriza ndi Tusekile. Dzinali m'Chinkhonde limatanthauza kuti taseka. Mtsikanayu ndinamuphunzitsa Folomu 3 ndi Folomu 4, ndipo ndinene mosabisa kuti masiku ena ndinkakonzekera phunziro chifukwa choopa iyeyo. Atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira fizikisi ndi masamu, a Fundi anamuwotcherera thiranki lolemera moti makondakitala awiri anakana kulikweza.

Nkhani ya chitupa inayamba pa tchuthi cha chaka chake chachiwiri. Tusekile anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi laputopu, bambo ake ali pambali akupala dzimbiri pachitsulo. Anamufunsa kuti masiku ano akuphunzira chiyani. Iye, maso ali pa laputopu, anati akuwerenga za folo dayimenshoni.

A Fundi anasangalala. Mawu oti dayimenshoni amawadziwa kuyambira ku Kyela, chifukwa ndi amene amabilidala amanena akamapereka miyeso. Windo la folo bayi sikisi, chitseko cha fili bayi seveni. Anaona kuti tsopano mwana wafika pa ntchito yawo. Anaika chitsulo pansi n'kufunsa mwaulemu wake:

"Folo bayi chani?"

Tusekile anaseka mpaka kugwira m'mimba. Atapezako mpweya anaimbira mnzake wa ku Zomba n'kumufotokozera, bambo ake ali pomwepo, ndipo kuseka kwa mnzakeyo kunkamveka pafoni. Pomaliza anapukuta misozi n'kunena kuti, "Tata, zisiyeni izi. N'zovuta, simungamve."

Mwanayo sanafune kunyoza, ndikumudziwa. Koma mawu akatuluka sabwerera pakamwa. Iye atakwera basi kubwerera ku Zomba, Lolemba lake a Fundi anandipeza ndikutuluka m'kalasi, atavala malaya a kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Anandifotokozera zonse monga mmene ndalemberamu. Ndivomere kuti pa "folo bayi chani" nanenso ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

"Madamu, kuseka sikunandipweteke," anatero. "Dzina lake ndi lomwelo. Koma mwana uyu kale ankandifunsa chilichonse. Lero akaimba foni amati, Tata muli bwanji, ndili bwino, apatseni Amama. Basi. Palibe choti tikambirane. Akubwera pa Khirisimasi. Ndikufuna akadzafika ndidzakhale nditamva chinthu chimenechi, ngakhale pang'ono."

Tinali mu Seputembala. Ndinawerenga miyezi itatu pa zala, ndipo ndinavomera msanga chifukwa cha matama. Ndinaganiza kuti Loweruka limodzi likwana.

Loweruka loyamba ndinakhala pa chitini cha penti m'shedimo, n'kutenga kachitsulo kawo kojambulira. Ndinabaya kadontho pansi.

"Aka kalibe muyeso uliwonse," ndinatero. "Mukakakoka kupita uko, mwapanga mzere. Muyeso umodzi, mulitali. Mzerewo mukaukokera cham'mbali, mwapanga sikweya ngati felemu la windo. Miyeso iwiri, mulitali ndi mulifupi. Sikweyayo mukainyamula kupita m'mwamba, mwapanga bokosi. Miyeso itatu, chifukwa mwawonjezera msinkhu. Mwamva?"

"Imeneyo ndi ntchito yanga ya tsiku lililonse."

"Chabwino. Tsopano bokosilo mulikokere kumbali yachinayi."

"Kuti?"

"Kumbali ina, imene si kutsogolo, si cham'mbali, si m'mwamba."

"Lozani."

Ndinakweza chala. Chinaloza kudenga. Ndinachitembenuza, chinaloza kumsika. Ndinachitembenuzanso, chinaloza a Fundi. Iwo ankangotsatira chalacho ndi maso, modekha, ngati munthu amene akudikira chenji.

"Sikulozeka," ndinatero. "Matupi athu ndi maso athu anazolowera mbali zitatu zokha. Koma m'masamu mbali yachinayi ilipo, yachisanu ilipo, mungapitirize mmene mungafunire."

"Ndiye kuti nanunso, Madamu, simunafikeko."

Ndinatulutsa chitsanzo chimene anatiphunzitsa ku koleji. Ndinati taganizirani nyerere ikuyenda pa lata logonekedwa pansi. Imadziwa kutsogolo ndi cham'mbali basi. Mutaiuza za m'mwamba ingakutsutseni, chonsecho m'mwamba muliko.

"Mwina nyerere za ku Ntcheu," anatero a Fundi. "Zakuno zimakwera tebulo mpaka kulowa m'shuga."

Loweruka limodzi lija linasanduka asanu. Munthuyu sankaiwala kanthu, ndipo sankavomera kanthu kamene sanakayeze. Nditatopa ndi kulankhula, ndinabwera ndi pepala pamene ndinajambula chinthu chimene a masamu amachitcha teserakiti, lomwe ndi bokosi la miyeso inayi. Pojambula limaoneka ngati bokosi lalikulu, kabokosi mkati, ndi mizere isanu ndi itatu yolumikiza ngodya za kakang'onoko ku ngodya za lalikululo. Ndinati aliwotcherere, mwina manja awathandiza pamene pakamwa panga palephera.

Anawerenga mizereyo ndi chikhadabo. "Zitsulo 32. Ngodya 16. Pangodya iliyonse pakumana zitsulo zinayi, pamene pabokosi wamba pamakumana zitatu." Anaima kaye. "Chachinayicho ndiye njira yanu ija yosalozeka?"

"Eya! Ndipo zitsulo zonse 32 n'zofanana kutalika, ngodya zonse ndi sikweya."

Nkhope yawo inasintha. Anatulutsa tepi n'kuyeza papepala langa. "Izi zam'kati n'zazifupi. Izi zakunja n'zazitali. Izi zisanu ndi zitatu zapendekeka. Inu mukuti zonse n'zofanana?"

"M'miyeso inayi n'zofanana."

"Madamu, ine sukulu ndinalekezera panjira, koma tepi sinama. Zaka makumi atatu sindinawotcherepo chinthu chokhota n'kuuza munthu kuti ndi sikweya. Ndiyambe lero?"

Kunali kotentha tsiku limenelo, malata akuthetheka pamutu, thukuta likutsikira m'khosi. Sindikunena izi podzikhululukira. Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu wanga, amayi anga anandiuza kalekale. Ndinaimirira, kukutumula siketi, n'kunena kuti, "A Fundi, mwina mwana uja ananena zoona. Mwina simungamve."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anapinda pepala lija kanayi, kuliika m'thumba la ovolosi, n'kunena kuti, "Ndaga, Madamu." Ndaga ndi zikomo wa Ankhonde, ndipo sindinamvepo zikomo wondipweteka ngati ameneyo. Anavala magalasi awo akuda n'kuyatsa makina.

Masabata atatu ndinkazungulira kuseri kwa msika kuti ndisadutse pashedipo. Manyazi anandigwira, chifukwa munthu anabwera kwa ine ndi chipewa m'manja, ine n'kumubaya pabala lomwelo. Komanso pansi pamtima ndinkadziwa chinthu china chimene sindinkafuna kuvomera. Funso lawo linali labwino, ndipo ine yankho lake ndinalibe. Ndinkangobwereza zimene ndinaloweza ku koleji.

Chakumapeto kwa Novembala, mango atapsa, mayi Keziya anandipeza Loweruka m'mawa ndikuchapa. Anakana mpando.

"Madamu, tiyeni mukaone zimene mwawachita amuna anga," anatero. "Lero ndi tsiku lachitatu. Anthu akusiya kugula mpunga kukaonerera. Akuyeza chithunzithunzi ndi tepi!"

Ndinasiya zovala m'beseni. Pashedipo ndinapezadi kagulu ka anthu, ena atatsika panjinga, akuseka m'Chitumbuka kuti a Fundi dzuwa lawalowa m'mutu. Pabwalo panali bokosi la zitsulo limene anawotcherera munthu wina kuti aziikapo thanki ya madzi. Iwo anali atagwada m'fumbi, tepi ili pa chithunzithunzi cha bokosilo. Atandiona sanandipatse ngakhale moni.

"Madamu, bwerani kuno. Bokosi ili ndadula ndekha. Chitsulo chilichonse ndi masentimita 60, ngodya zonse sikweya. Tsopano taonani pansi. Chitsulo choimirira ichi, m'mawa chithunzithunzi chake chinali 90. Pano chili 40. Dzuwa likafika pamutu chitsala pang'ono kutha. Nanga ngodya iyi? Yapendekeka ngati windo lanu lija. Koma gwirani chitsulocho. Chakhota?"

"Sichinakhote."

"Tiyeni m'kati."

Ananyamula bokosilo kulowa nalo m'shedi, n'kutseka chitseko kuti mukhale kamdima. Analikhazika pansi, kuyatsa tochi ya pafoni, n'kuigwira pamwamba pake chapakatikati. Pasimenti panaoneka sikweya yaikulu, mkati mwake sikweya yaing'ono, ndi mizere inayi yopendekeka yolumikiza ngodya. Chinali chithunzi changa chija, kungoti chaphwatalala.

"Yaikuluyi ndi felemu lapamwamba, lili pafupi ndi tochi," anatero. "Yaing'onoyi ndi felemu lapansi. Onse awiri ndi sikisite bayi sikisite. Taonani." Anatembenuza bokosilo chadodolido. Felemu limene linali laling'ono linakhala lalikulu, lalikulu lija n'kulowa m'kati. "Mwaona? Kam'katika si kakang'ono ayi. Kangokhala kutali."

Iwo anatulutsa pepala langa lija, litada ndi zala, n'kulitambasula.

"Bokosi la miyeso itatu limagwetsa chithunzithunzi cha miyeso iwiri, chokhota. Ndiye bokosi lanu la miyeso inayi liyenera kugwetsa chithunzithunzi cha miyeso itatu, chokhotanso. Ichi munajambulachi si chinthucho ayi. Ndi chithunzithunzi chake. Bwanji simunanene?"

Sindinanene chifukwa sindinkadziwa. Mawu ake a m'buku ndinkawadziwa, ndinakhoza nawo mayeso, koma ndinali ndisanaonepo ndi maso anga mpaka tsiku limenelo, m'shedi yonunkha utsi wa zitsulo. Ndinawauza zomwezo, ndipo ndinapepesa chifukwa cha mawu anga aja. Anangokupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Chithunzithunzi ndingawotcherere," anatero. "Chimenecho chimaloledwa kukhota."

Anachipanga masiku anayi ndi zitsulo zotsala pa ntchito zina. Zisanu ndi zitatu zopendekeka zija anazipaka penti yofiira, kuti zizikumbutsa njira yosalozeka ija. Atachiimika panja kuti chiume, nkhuku ya mayi Keziya inalowa m'kabokosi kam'kati, pamene anali atayalapo kathabwa kouikira chitini cha penti, ndipo inaikira dzira. Dzina la chitupa linayambira pamenepo. Bambo wina wa ku Vinthukutu anafika mpaka popempha kuti amupangire chake, koma chokhala ndi waya ndi kachitseko. A Fundi anamuuza kuti nkhuku zake ziyambe zaphunzira masamu.

Masabata otsalawo ankayeserera zokanena. Ankafotokozera akazi awo, ankafotokozera aliyense wobwera kudzawotcheretsa njinga, ankafotokozera ngakhale ine amene ndinalipo. Koma tsiku likamayandikira mantha anayamba kuwagwira. Anandifunsa kawiri konse ngati mwana sadzasekanso. Ndinati sindikudziwa, chifukwa ndinali nditaphunzira kusalonjeza zinthu kwa munthu woyenda ndi tepi.

Tusekile anafika pa 22 Disembala, cha m'ma 2 koloko masana. Ine a Fundi anandiitaniratu, akuti ndikhale mboni. Mtsikanayo anatsika minibasi atatopa, chikwama kumsana, n'kugwada kupereka moni kwa bambo ake ndi kwa ine. Akudzuka, maso ake anagwera pachitupa. Anaima. Anachizungulira kamodzi, milomo ikugwedera, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga ngodya.

"Tata, iyi ndi teserakiti! Madamu, ndinu mwawauza kuti apange?"

"Ine ndinangojambula," ndinatero. "Zinazo afunse eni ake."

"Si teserakiti imeneyo," anatero a Fundi. "Ndi chithunzithunzi chake. Bwera."

Tinalowa m'shedi atatu, mayi Keziya n'kuima pakhomo atagwira chitseko. A Fundi anali atapanga kabokosi kena kopepuka kochitira chionetsero. Anayatsa tochi. Anaonetsa sikweya yaikulu ndi yaing'ono. Anaonetsa kuti zonse n'zofanana. Kenako anachita chinthu chimene ngakhale ine anali asanandionetse. Anakweza kabokosiko m'mwamba pang'ono n'kuyamba kukatembenuza pang'onopang'ono pansi pa tochiyo. Sikweya yam'kati inayamba kusendera kumbali, kukula, kutulukira kunja, ndipo yakunja ija inafota n'kulowa m'kati.

"Chitsulo sichikufupika, sichikutalika," anatero. "Chikungotembenuka. Ndiye chitupa chili panjacho, mwini chithunzithunzicho, bokosi la miyeso inayi lija, atatembenuka kumene aliko, ife kuno tingaone kabokosi kam'kati kakutuluka, lakunja likulowa, popanda kudula chitsulo ngakhale chimodzi."

Tusekile anali atagwada pasimenti, chikwama chikadali kumsana. Mtsikana ameneyu amawerengera miyeso isanu, khumi, ndi manambala okhaokha, ndipo amakhoza. Koma anali akuyang'ana pansipo pakamwa pali yasa.

"Tata, dikirani," anatero. "Bwerezani pamenepo. Sindinamve."

A Fundi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa ndikanawayang'ana ndikanaseka kapena kulira, ndipo mphunzitsi sayenera kuchita zimenezo pamaso pa wophunzira wake.

"N'zovuta izi, mwana wanga," anatero a Fundi pang'onopang'ono. "Koma khala bwino pansi. Umva."

Mwanayo anazindikira mawu ake. Anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka pamene anadzutsa mutu, ndinaona kuti ndi zonse ziwiri. Analankhula m'Chinkhonde, chimene ine ndimangotolamo pang'ono, koma kupepesa kumamveka m'chilankhulo chilichonse. Bambo ake anamuvula chikwama kumsana n'kuchiika pambali, kenako anabwereza chionetserocho katatu. Kachitatuko tochi anagwira ndi Tusekile.

Titatuluka panja, ataima pachitupa, anauza bambo ake kuti m'fizikisi ambiri amawerenga nthawi ngati muyeso wachinayi, chifukwa kuti upeze chinthu sikokwanira kudziwa pamene chili, uyeneranso kudziwa kuti chili pamenepo liti.

"Imeneyo ndimaidziwa," anatero a Fundi. "Ife timaitcha dzimbiri. Felemu lomwelo, miyeso yomweyo, koma ubwere pakatha zaka khumi."

Tusekile anati adzakanena zimenezo m'kalasi. Mayi Keziya anati aliyense amene akufuna kudya asiye za dzimbiri akasambe m'manja. Koma a Fundi sanasunthe. Anagwira chitsulo chimodzi chofiira n'kutsokomola.

"Tsopano undiyankhe funso langa lija. Sunandiyankhe."

"Funso liti, Tata?"

"Folo bayi chani?"

Mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti aseke, koma anaima. Ndinamuona akuganiza, maso ali pa zitsulo, ngati mmene ankachitira m'kalasi mwanga akapeza kuti ndalakwitsa pabolodi.

"Windo ndi sikisite bayi sikisite," anatero. "Bokosi ndi sikisite bayi sikisite bayi sikisite. Ndiye ichi, mwini wake weniweniyo, ndi sikisite bayi sikisite bayi sikisite bayi sikisite." Anawerenga pa zala. "Manambala anayi. Folo uja amangonena kuti manambalawo akhale angati. Koma kuti ndi bayi chani, pamafunikadi kufunsa."

"Ndiye funso langa linali labwino."

"Linali labwino, Tata."

A Fundi anatenga choko m'thumba n'kulemba pachitseko cha shedi: 60 x 60 x 60 x 60. Analemba manambala akuluakulu, owongoka, ndipo pansi pake anadula mzere. Mpaka lero akadalipo, mvula ikawafufuta amawalembanso. Makasitomala amafunsa ngati ndi mtengo wa geti.

Chitupa chija tsopano ndimachibwereka chaka chilichonse kukaphunzitsira Folomu 4. Chimapita pa wilibala, ndipo mwini wake amabwera nacho limodzi, atavala malaya a kutchalitchi, chifukwa sakhulupirira kuti ine ndingafotokoze bwino za tochi. Sindikangana nawo, ngakhale zimandiwawa kuti ana amawaombera m'manja kuposa mmene anandiomberapo ine.

Amene akudandaula ndi mayi Keziya. Ndinakumana nawo pamsika mwezi wathawu, akundiyezera mpunga, nkhope ili gwa.

"Madamu, munandilanda mwana," anatero. "Lamulungu lililonse akaimba foni, ndimangomva Amama muli bwanji, ndili bwino, apatseni Tata. Ndiye awiriwo ola lathunthu, mpaka mayunitsi kutha. Akuti tsopano ali pa mbali yachisanu."

Anandiwonjezera mpunga wodzadza dzanja, akuyesetsa kuti asamwetulire.